Munati Ndibwere Kukacha

"Zoyerazi muzivulira konko kuchipatala. Mukaweruka mdima utagwa, musamayende nazo mumsewu."

Anatero mayi eni nyumba tsiku lomwe namwino anafika, katundu asanatsitsidwe n'komwe m'lole. Namwino anaseka. Mlamu wake, mchemwali wa amuna ake amene anabwera naye kudzathandiza kulera mwana, anaseka koposa.

"Bwanji, kuno kuli akuba mayunifomu?" anafunsa mlamuyo. "Akaba ya alamu angayi akavala ndani? Kuchepa ngati ya mwana wa sukulu!"

Mayiwo sanaseke. Anayang'ana khanda limene linali kumsana kwa namwino, kenako anayang'ana pansi.

"Ine ndanena," anatero, n'kupereka makiyi.

Namwino anaganiza kuti mwina akunena za fumbi, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Zoganiza zinali zambiri. Katauniko kanali kumpoto kwenikweni, kumathero a msewu, kumene basi inkafika ikafuna. Iwo anachita kukwera lole ya matabwa imene inkabwerera yopanda kanthu. Kunali masitolo ochepa, chigayo, ndi malo ochekera matabwa. Msewu unali umodzi wokha, wolowera ndi wotulukira womwewo: unkachoka pachigayo, n'kudutsa m'mitengo italiitali, n'kuwoloka mlatho, n'kukwera kachitunda pamene panali chipatala, kenako n'kumapita kudziko la anthu. Amuna ake anatsala kumzinda chifukwa cha ntchito. Foni inkagwira ukaima pazenera la kuchipinda, dzanja m'mwamba ngati ukulumbira.

Ndiye kuzizira kwa kumeneko! Mwanayo ankamutchula kuti Kabwana, chifukwa akangolira nyumba yonse inkaimirira. Anabadwa wopanda tsitsi, ndipo namwino akayang'ana kamutu kosalalako m'mawa, mtima unkamupweteka. Anagula ulusi wofiira, n'kumaluka kachipewa kuntchito odwala akachepa. Usiku ankadzuka kangapo kuika chala pamphuno pa mwana kuti amve ngati akupuma. Mlamu wake ankamunena kuti, "Inu namwino wanji wamantha chonchi?" Koma za ana a eni n'zosiyana ndi za wako.

Milungu yoyambayo ankaweruka dzuwa likadalipo. Tsiku lina zinasintha. Namwino mnzake anali atadwala, ndipo madzulo kunabwera mtsikana wa mimba yoyamba, mwana atakhala mopingasa. Analimbana naye mpaka kunja kunada, mpaka kakhanda kanalira. Akusamba m'manja ndi pamene foni inalira m'thumba.

"Alamu, Kabwana watentha," anatero mlamu wake. Kuseri kwa mawuwo namwino ankamva kulira kosasa. "Botolo akukana. Thupi lonse ngati mbaula."

"Mwamuvula juzi? Mupukuteni ndi kansalu, madzi ofunda, osati ozizira. Alamu? Alamu!"

Foni inali itaduka.

Diresi lake loyendera linali pamsomali kuseri kwa chitseko. Analiona. Dzanja linafika mpaka kuligwira. Koma mabatani a yunifomu anali ambiri, ndipo mayi amene mwana wake watentha saona mabatani. Anatola botolo la mankhwala a ana, tochi, ndi kachipewa kaja kamene anali atangokamaliza masana omwewo. Anauza wothandizira wa usiku kuti ayang'anire mtsikana uja, n'kutuluka.

Kunja kunali mdima wa ndiwe yani. Nkhungu inali itatsika, moti tochi inkangoonetsa kadothi ka patsogolo pa mapazi. Anatsika chitunda mothamanga pang'ono. Mabere anali atadzaza, akuwawa, poti Kabwana anali atayamwa komaliza mbandakucha. Ankawerengera mumtima: malungo? Mano? Chifuwa? Dzulo anayetsemula. Ndinamusambitsa mochedwa. Ndinasiya zenera lotsegula...

Kenako anamva madzi.

Anaima. Madzi ambiri, aukali, ogubuduza miyala, monga mtsinje umachitira pakati pa dzinja. Koma mvula inali isanagwe chifikireni iye. M'mawa womwewo anadutsa pamlatho, pansi pali mchenga wokhawokha ndi mbuzi zikuyenda. Mwina yagwa kumapiri, anaganiza. Koma mitambo inali kuti? Mwina ndasochera. Koma usochera bwanji pa msewu umodzi?

Anapitiriza. Nsapato zake zinagunda simenti ya pamlatho. Phokoso lija linali ponseponse tsopano, pansi, m'mbali, ngakhale m'mutu.

"Anamwino..."

Namwino anatembenuza tochi.

Pakati pa mlatho, chotsamira zitsulo, panakhala mzimayi. Wachitsikana ndithu. Miyendo anaitambasula, mapazi opanda nsapato. Pamiyendo pake panali kamtolo kokulunga m'nsalu.

"Anamwino, kwacha kodi?"

"Mwati bwanji?"

"Kwacha? Munati ndibwere kukacha."

"Ine? Ayi mayi, ine sitinaonanepo. Ndine wachilendo kuno. Mwina ndi anzanga aja..."

"Munati kukacha." Mawu ake anali ofatsa, opanda mkwiyo, ngati munthu amene akungokumbutsa. "Ndadikira. Sikukucha."

Namwino anafuna kudutsa. Miyendo inafuna, mtima unafuna. Kabwana anali kutsogolo, akulira. Koma kamtolo kaja kanagwedezeka, ndipo panatuluka kadzanja. Kadzanja ka mwana wa msinkhu wa Kabwana yemweyo.

Namwino anagwada.

"Wayamba liti? Akuyamwa? Akutsegula m'mimba?"

Mzimayiyo anangovundukula nsalu ndi dzanja lamanzere. Dzanjalo linali ndi chipsera cha moto, ndipo zala ziwiri zomalizira zinali zomatana. Namwino anaika chikhato pachipumi pa mwana.

Kuzizira! Ngati mwala wa pachitsime.

Nsalu inali yonyowa. Yonse. Inkanunkha matope. Anagwira pamimba, kuzizira. Kumapazi, kuzizira. Tochi inayamba kufiira, ikuphethira. Anaika khutu pachifuwa pa mwanayo. Mtima sanaumve. Anamva madzi, ngati akukhuvula m'ndowa imene munthu wasenza.

Wafa uyu, anaganiza. Mayiyu wazungulira mutu, akuyenda ndi mtembo.

Nthawi yomweyo kadzanja kaja kanagwira chala chake. Gwi!

Namwino anakuwa. Koma kanagwira ndithu, mwamphamvu, monga makanda amagwirira. Ndiye ali moyo? Ali moyo bwanji wozizira chonchi? Abwerere naye kuchipatala? Chitunda chonse chija, Kabwana akupsa kunyumba?

"Mayi, dzukani. Kwerani kuchipatala, kuli munthu. Mukanene kuti ndakutumani ine."

"Mwatseka. Munati kukacha."

"Sikotseka! Ndachokera komweko!"

"Munalankhulira pazenera."

Manja a namwino anayamba kugwira okha ntchito imene anaizolowera. Anachotsa nsalu yonyowa pamutu pa mwana. Anapisa m'chikwama, n'kupeza kachipewa kofiira. Anazengereza pang'ono... n'kumuveka. Kanakwana ngati analukira iyeyo. Ndipo pakamwa napo panalankhula pokha, mawu amene ankauza mayi aliyense potuluka m'chipinda chopimira, mawu amene amatuluka ngakhale uli m'tulo.

"Mumufunditse bwinobwino. Akapanda kusintha mubwere naye kwa ine, musadikire. Nthawi ina iliyonse. Ndimakhala kuseri kwa chigayo, nyumba ya chitseko chobiriwira."

Mzimayiyo anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. Nkhope yake inali yotuwa, madzi akuchucha kuchokera m'tsitsi.

"Nthawi ina iliyonse?"

"Ee, mayi."

"Kwanu?"

"Ee..."

Mzimayiyo anamwetulira. Namwino anachotsa chala chake m'kadzanja kaja, anaimirira, n'kuyamba kuyenda chafutambuyo. Kenako anatembenuka. Atafika kumapeto kwa mlatho, phokoso la madzi linaleka.

Silinachepe. Linangoti zii.

Anacheuka. Tochi inawala bwinobwino ngati yatsopano. Pamlatho panalibe munthu. Anaunika pansi. Mchenga. Wouma. Ndi timapazi ta mbuzi.

Anadziyang'ana. Yunifomu inali yonyowa kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo. Ndi mkaka? Mkaka wochuluka chonchi? Ananunkhiza. Matope.

Analiyatsa liwiro.

Mitengo. Mitengo. Mitengo yosatha. Masana ankaidutsa asanamalize n'komwe kupemphera, koma usiku umenewo inkangobwera, ina pambuyo pa ina. Nsapato imodzi inavuka. Sanaitole. Mpweya unkamuwotcha pakhosi. Ndalota? Ndatopa chabe. Sindinadye. Nanga kachipewa? Anapisa m'chikwama akuthamanga. Botolo la mankhwala linalimo. Kachipewa munalibe.

Pomaliza anaona denga la chigayo. Anakhota. Chitseko chobiriwira. Nyali ikuwala pazenera.

Koma kunalibe kulira.

Amayi okha ndi amene amadziwa kuti mwana wodwala akamalira, mtima umakhalako m'malo. Choopsa ndi chete. Namwino anakankha chitseko ndi phewa.

Mlamu wake anali pampando, akupinda matewera, akuimba chamumtima.

"Ii, alamu, mwalimbana ndi ng'ona? Nsapato ina ili kuti?"

"Mwana!"

"Khalani pansi, mwana ali bwino. Wagona. Mwachita bwino kutumiza mayi aja."

"Mayi ati?"

"Aja munawatuma. Achitsikana, obereka mwana. Anagogoda, akuti, anamwino anati ndibwere nthawi ina iliyonse. Ndinati lowani. Koma ulemu wawo ndi wochepa, andinyowetsera pansi ponse, ndachita kukolopa."

"Abwera liti?"

"Kale! Mutangodula foni paja. Atachoka ndinatereka madzi oti musambe, awira mpaka ndawonjezera ena."

"Sizoona. Ndawasiya pamlatho pompano. Pompano! Sanandidutse. Msewu ndi umodzi!"

"Ndiye ine ndikunama? Onani, abweretsa n'chipewa chomwe."

Namwino analowa kuchipinda. Kabwana anali chagada pabedi, timanja m'mbali. Pamutu pake panali kachipewa kofiira.

Anakavula. Kanali konyowa, kolemera. Pakamutu kosalala paja panatsala mchenga.

Anamugwira pachipumi. Kutentha kunalibe. Anamugwira pakhosi, m'khwapa, pamimba. Kunalibe ngakhale kufunda kuja kumene mwana wogona amakhala nako. Timapazi tinali ngati tachoka m'madzi.

"Anamunyamula?"

"Pang'ono chabe," anatero mlamu ali pakhomo la chipinda, mawu ayamba kuchepa. "Anamugoneka pamodzi ndi wawoyo pamiyendo, mitu kugundana. Kabwana analeka kulira nthawi yomweyo. Ine ndimayesa ndi njira yanu ya kuchipatala..."

"Kabwana! Kabwana, dzuka! Dzuka bambo!"

Anamugwedeza. Mwanayo anatsegula maso pang'onopang'ono, anayang'ana mayi ake ngati sakuwadziwa, n'kutsekanso. Namwino anang'amba mabatani aja, n'kumuika pakati pa mabere, khungu kukhungu, bulangete pamwamba. Anamuika bere pakamwa. Sanaligwire. Anamufinyira mkaka pamlomo. Kamlomo kanagwedera. Kanagwira. Anayamwa pang'ono, mofooka, n'kusiya.

Anaika khutu pakachifuwa. Mtima unalipo, ukugunda. Koma pansi pake, patali, panali kaphokoso. Madzi m'ndowa.

Ndi chibayo chikuyamba, anadziuza. Chibayo chimamveka chonchi. Ndachimvapo kambirimbiri. Koma chibayo chimatenthetsa thupi. Koma nthawi zina khanda limazizira. Koma mchenga...

Chitseko cha panja chinalira. Onse awiri anakuwa.

Anali mayi eni nyumba, atafunda bulangete, nyali m'manja. Anali atamva kukuwa kudzera pakhoma. Anaima pakhomo la chipinda. Maso awo anapita pa yunifomu, pa matope, pa kachipewa kamene kanali pansi.

"Munayenda nazo," anatero.

"Mayi, kuli mzimayi wina wodwala mutu kuno? Amakhala pamlatho ndi mwana?"

"Dzanja lake munaliona?"

Namwino ndi mlamu wake anayang'anana. Anayankha ndi mlamu. "Lamanzere. Lopsa. Zala ziwiri zomatana."

Mayiwo anakhala pansi pomwepo, pasimenti yozizira, nyali n'kuiika pambali.

"Anagwera pamoto akukwawa. Ndinkamulera ndi ine, ndinatuluka kukasewera. Ndi mng'ono wanga ameneyo."

"Ndiye mukamutenge! Mwana wake wazizira kwambiri, akufunika..."

"Tinamuika m'manda ine ndisanamere imvi ndi imodzi yomwe, mwanangu. Onani mutu wangawu lero."

Namwino ankamva Kabwana akupumira pachifuwa pake, pang'onopang'ono.

"Nthawi imeneyo mlatho unali wa mitengo," anapitiriza mayiwo. "Mwana anatentha usiku, mvula ikugwa. Anam'bereka, anawoloka, anakafika kuchipatala. Namwino amene analipo sanatsegule. Anangoti pazenera, mubwere kukacha. Pobwerera anapeza madzi akwera. Tinawapeza patapita masiku, kumunsi, mwana akadali kumsana. Chiyambire, akaona zoyera usiku amafunsa."

"Bwanji simunanene zonsezi?" anakalipa mlamu, misozi ikutsika. "Mungoti muzivula, muzivula, ngati nkhani ya sopo!"

"Ndikananena mukanakhulupirira? Inu si munaseka? Komanso ndi m'bale wanga. Munthu sunena m'bale wako kwa alendo tsiku loyamba." Anatembenukira kwa namwino. "Anzanu onse amene anakumana naye ankathawa. Ena ankadwala mantha mlungu umodzi, n'kuchira. Iye sanachokepo pamlatho paja. Sindikumvetsa kuti lero wafika bwanji pakhomo pano."

Namwino anatseka maso.

"Ndamuuza ndine. Ndamulongosolera nyumba. Ndi chitseko chomwe."

"Mayo ine..."

"Timatero kwa aliyense! Mayi aliyense timamuuza kuti abwerenso! Ndikanatani? Mwana anandigwira chala!"

Kunja galu anauwa kamodzi, n'kusiya.

"Alamu," anatero namwino. "Pochoka ananena chiyani?"

Mlamu anapukuta mphuno ndi thewera limene linali m'manja. "Anathokoza. Anati wawo wafundako pang'ono. Anandigwiritsa, analidi wofunda. Anati wanu ndi wofunda bwino, kufunda ali nako kokwanira. Anati abweranso kukacha, adzamalize."

"Adzamalize chiyani?"

"Sindinafunse. Ndimayesa mankhwala."

"Sanali munthu woipa," anatero mayi eni nyumba, akulankhula ngati kwa nyali. "Nkhuku yomwe sankatha kupha. Mwina akungofuna kuthokoza. Mwina mwamuthandiza, apumula. Sindikudziwa, mwanangu. Sindikudziwa."

Namwino anayang'ana kamutu kamene kanali pachifuwa pake. Sanali woipa, inde. Anali wofatsa, waulemu. Koma anadzifunsa: Kabwana akanakhala ndiye wozizira chonchija, ine n'kupeza pena pamene pali kufunda, ndikanatenga kochuluka bwanji? Ndikanasiyako?

Yankho analidziwa. Linamuopsa kuposa mlatho.

"Lole ya matabwa imanyamuka nthawi yanji?"

"Tambala woyamba asanalire," anayankha mayiwo. "Akumanga katundu usiku uno."

"Alamu, tengani matewera, mabulangete ndi botolo. Zina zonse zisiyeni."

"Nanga ntchito? Nanga achimwene tikawauza chiyani?"

"Tikawauza kuti mwana ali ndi chibayo, akufunika chipatala chachikulu. Mwina n'zoona."

"Mwanangu," anatero mayi eni nyumba, "mwaiwala? Lole imadutsa pamlatho pomwepo. Njira ina kulibe."

Namwino anapatsira mlamu wake mwana kwa kamphindi, anavula yunifomu, n'kuvala diresi lakuda limene ankapita nalo kumaliro. Yunifomuyo anaiyala pampando woyang'ana kukhomo, kachipewa kofiira n'kukaika pamwamba. Kenako anatenganso Kabwana. Sanam'bereke kumsana. Anamumanga kutsogolo, m'kati mwa diresi, pamene akanatha kumva mpweya wake uliwonse.

Kumalo ochekera matabwa injini inatsokomola, n'kulira.

"Tikadutse kukadali mdima," anatero, akumanga mfundo yachiwiri. "Akandifunsa, ndikamuuza kuti sikunache."